Tchaja Imodzi, Galimoto Zambiri: Ulemu ndi Chinsinsi Potchajira Galimoto Zamagetsi

Aliyense amene anakhalapo kudera kumene magetsi sanafike amakadziwa kaokala kotchajitsira mafoni ka pamsika. Mumasiya foni yanu m'mawa, mnyamata wa pamalopo n'kumata kapepala ka dzina lanu kumbuyo kwake, inu n'kumapita kokagula zanu. Mabowo osomekamo matchaja amakhala ochepa kuposa mafoni, choncho foni ikangodzaza, mnyamatayo amaizula n'kusomekapo ina. Mkangano umabuka mukabwera masana n'kupeza foni yanu ili pambali, batire lili theka, chifukwa wina anachita kukakamira kuti yake ilowe kaye.

Galimoto yamagetsi imayendera batire la mtundu womwewo wa lithium, kungoti lake ndi lalikulu zedi: limasunga mphamvu yokwana kudzazitsa mafoni masauzande angapo. M'mizinda ngati Oslo, London, Seoul ndi Shanghai, kumene galimoto zoterezi zachuluka, muli matchaja a aliyense m'mbali mwa misewu, pamasitolo akuluakulu, pamahotela ndi kumalo antchito. Ku Norway, mwa galimoto zatsopano 10 zilizonse zimene zinagulidwa m'chaka cha 2024, pafupifupi 9 zinali zoyendera magetsi okhaokha. Koma pamatchaja ambiri palibe woyang'anira. Pali makina, chingwe, ndi anthu osadziwana amene ayenera kugawana okha popanda wowaweruza. Apa m'pamene pamachokera funso limene nkhani ino yaimapo: munthu amene wasiya galimoto yake patchaja angapezeke bwanji akafunika, popanda kuyalira aliyense wodutsa nambala ya foni yake?

Chimene chimabweretsa mzere

Kuthira petulo kumatenga mphindi zochepa, ndipo woyendetsa amakhala ali pomwepo. Akangolipira amanyamuka, wotsatira n'kulowa. Kutchaja sikutero.

Mphamvu ya tchaja imayezedwa m'makilowati, amene amalembedwa kW, ndipo kukula kwa batire kumalembedwa kWh. Tchaja ya 7 kW imathira 7 kWh pa ola limodzi, choncho batire la 60 kWh limafuna maola 8 kapena 9 kuti lidzaze. Matchaja apang'onopang'ono oterewa ndi amene amapezeka kunyumba, kuntchito ndi m'misewu ya m'malo okhala anthu. Tchaja yachangu ya 50 kW imafikitsa batire lomwelo pa maperesenti 80 pakatha pafupifupi ola limodzi, ndipo zamphamvu kwambiri, za 150 mpaka 350 kW, zimatha ntchitoyo m'mphindi 20 kapena 30 ngati galimotoyo ili yotha kulandira liwiro limenelo.

Palibe munthu amene angaime pambali pa galimoto maola 8. Ngakhale mphindi 40 zokha, munthu amapita kukadya, kukagula zinthu kapena kukadzithandiza. Galimoto imatsala yokha, itatseka malo, chingwe chili m'thupi mwake.

Chinanso n'chakuti batire silimwa magetsi mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Likakhala lopanda kanthu limalandira mwachangu. Likamayandikira kudzaza, kakompyuta ka m'galimoto kamachepetsa liwiro dala, poopa kuti lingatenthe n'kuwonongeka. Patchaja yachangu, kuchoka pa maperesenti 80 kufika pa 100 kungadye nthawi yofanana ndi imene yatha kuchoka pa 10 kufika pa 80. N'chifukwa chake oyendetsa ozolowera amati pakakhala mzere, ukafika pa 80 chokapo. Amene akuumirira kudzazitsa mpaka kukhosi amawonjezera makilomita ochepa chabe pa ulendo wake, pamene wa kumbuyo kwake mwina watsala ndi maperesenti 5 ndipo ali ndi ana m'galimoto.

Malamulo a pakamwa ndi malamulo a pepala

Nissan Leaf, imodzi mwa galimoto zamagetsi zoyamba kugulitsidwa kwa anthu wamba mochuluka, inatuluka mu December 2010 ku Japan ndi ku America. M'zaka zoyambazo eni galimotozi anali ochepa, ndipo ambiri ankadziwana. Miyambo ya patchaja anaipanga okha. Waukulu unali wakuti malo a tchaja si poimika galimoto, ndi potchajira: ngati sukutchaja usaimepo, ukamaliza uchoke. Wina unali wobweza chingwe pamalo pake, osachisiya chitagwa pansi pamene chingapondedwe ndi matayala kapena kukola munthu wa panjinga ya olumala. Wina unali wosankha tchaja yolingana ndi galimoto yako, chifukwa galimoto imene imalandira 50 kW yokha sipindula kanthu ikakhala pa tchaja ya 350 kW, ingotsekereza amene akanapindula.

Galimoto zitachuluka, kudziwana kunatha, ndipo ulemu wokha sunakwanire. Mu 2013 chigawo cha Washington ku America chinaika chindapusa cha madola 124 kwa aliyense woimika galimoto pamalo a tchaja asakutchaja. Mu December 2016 kampani ya Tesla inayamba kulipiritsa masenti 40 pa mphindi iliyonse imene galimoto yakhala patchaja yake yachangu itadzaza kale, ndipo wochotsa galimoto mphindi 5 zisanathe ankakhululukidwa. Ku Germany kampani ya EnBW imayamba kuwerengera ndalama yotsekereza pakatha maola 4. Ku South Korea, kukhalitsa patchaja yachangu kupitirira ola limodzi kumabweretsa chindapusa cha ma won 100,000. Ku Britain nkhani ya chingwe inalowa m'buku la malamulo a pamsewu la Highway Code mu January 2022: imika pafupi ndi tchaja, chingwe chisapunthwitse oyenda pansi, ndipo uchibweze bwinobwino ukamaliza.

Chindapusa chimachotsa galimoto imene yamaliza, koma sichinena amene anafika poyamba. Malo ambiri otchajira anamangidwa pamalo oimika galimoto akale, opanda njira yondandalikamo mzere, moti odikira amangoima apa ndi apo, aliyense akuyang'anitsitsa tchaja imene itseguke. Pa Khirisimasi ya 2022, galimoto zinadikira nthawi yaitali pamalo opumulira a Tebay pamsewu wa M6 ku England, ndipo chaka chotsatira kampani ya Moto inaika anthu oyang'anira mizere pamalo ake ena otanganidwa. Pamene palibe woyang'anira, njira yabwino ndi yakale yomwe ija: kutsika m'galimoto, kupereka moni, n'kufunsa kuti womaliza ndani.

Kodi n'kololeka kuzula pulagi ya mnzako?

Iyi ndiye nkhani imene yakanganitsa anthu kuposa zonse. Mwafika batire litatsala pang'ono kutha, patchaja pali galimoto ya munthu wina, mwini wake sakuoneka, ndipo chingwecho chingathe kufika pamalo oyandikana nawo pamene mwaima. Muzule?

Mbali ina ya yankho ili m'kapangidwe ka pulagi. Ku Ulaya, pulagi za mtundu wa Type 2 ndi CCS zimadzikhoma zokha kutchaja kukangoyamba, ndipo sizizuka mpaka mwini wake atatsegula. Ku America, pulagi ya J1772 ili ndi kabatani kapamwamba kamene munthu amangodina n'kukoka, ndipo pa galimoto zambiri zoyamba aliyense ankatha kuzula. Chevrolet Volt inkaliza hutala wina akaizula ili yokhoma. Kuyambira mu 2013, Nissan Leaf inabwera ndi kabatani kamene mwini wake amasankhira chimodzi mwa zitatu: pulagi ikhale yokhoma nthawi zonse, isakhomedwe n'komwe, kapena idzitsegule yokha batire likadzaza. Chachitatuchi ndi ulemu umene anauika m'makina enieniwo.

Panalinso mwambo wina wokoma, makamaka pamatchaja aulere a kuntchito. Wobwera mochedwa ankaimika galimoto pafupi n'kusiya kachitseko ka potchajira kali kotsegula. Mwini galimoto yoyamba akabwera n'kuona kachitsekoko, ankadziwa kuti mnzakeyo akupempha, ndipo ankazula chingwe kwake n'kuchisomeka kwa mnzakeyo asananyamuke. Anthu awiri osaonana ankathandizana popanda mawu.

Maganizo anga ndi akuti pulagi ya munthu isazulidwe pokhapokha iye mwini atalemba kuti mutha kutero. Ena amati galimoto ikadzaza palibe cholakwa, koma mlendo amadziwa bwanji kuti yadzaza? Timagetsi tosonyeza timasiyana: pa galimoto ina kobiriwira kamatanthauza kuti yamaliza, pa ina kamatanthauza kuti ikutchajabe. Mwini wake akhoza kuti anaitchera nthawi yoti iyambe usiku magetsi akatsika mtengo. M'mayiko ozizira, galimoto imene ikuoneka ngati yamaliza ingakhale ikutenthetsa batire pokonzekera ulendo. Ndipo batani lofiira ladzidzidzi limene lili pa matchaja ambiri achangu ndi la pamene pabuka moto kapena ngozi ina. Kulidina pofuna kuchotsa mnzako kumasiya makina onse atazima, mwina mpaka eni ake atawadzutsa, ndiye nonse muluza.

Kapepala ka pagalasi

Popeza chilolezo chiyenera kuchokera kwa mwini, oyendetsa anayamba kusiya uthenga. Ena amakoleka kakhadi pa pulagi penipenipo, mbali ina yobiriwira yonena kuti mutha kuzula, mbali ina yofiira yonena kuti chonde musazule, ndikufunikadi magetsiwa. Ku Germany, kumene oyendetsa anazolowera kale kakhadi kabuluu kozungulira kosonyeza nthawi imene wafika poimika galimoto, kuli makhadi ofanana nako osonyeza nthawi imene kutchaja kuthe. Ndipo ambiri, mwa mtima wabwino, amawonjezera mzere umodzi pansi: mukafuna tchajayi ndiimbireni pa nambala iyi.

Mzere umenewu umathandizadi. Wodikira sakhala mumdima. Amaimba, n'kumva kuti mwini ali m'sitolo yomweyo ndipo akubwera m'mphindi 10, mtima n'kukhala pansi. Mikangano yambiri ya patchaja imayamba chifukwa cha kusadziwa: munthu sadziwa ngati adikire mphindi 5 kapena maola 5. Amene wasiya njira yomupezera wachotsa theka la mkwiyo usanayambe.

Koma kapepala ka pagalasi sikasankha wowerenga.

Zimene nambala imaulula

Nambala ya foni masiku ano si manambala chabe. Kwathu kuno timadziwa bwino zimenezi. Chiyambire kulembetsa ma SIM ndi chiphaso cha unzika mu 2018, nambala iliyonse ku Malawi ili ndi dzina kumbuyo kwake, ndipo munthu akayamba kukutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lanu limaonekera. Akasunga nambalayo m'foni mwake, WhatsApp ingamuonetse chithunzi chanu ngati simunachibise. Mapulogalamu ngati Truecaller amatchula dzina la mwini nambala m'mayiko ambiri. Mauthenga a akuba onena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi amayamba ndi munthu amene wapeza nambala yanu penapake. Abale athu amene akuyendetsa galimoto zamagetsi ku Britain kapena ku South Africa akulowa m'nkhaniyi ndi chidziwitso chimenechi kale.

Tsopano onani zimene munthu woima pafupi ndi galimoto ija ali nazo m'manja. Ali ndi nambala ya foni, ndiponso nambala ya galimoto. Akuona mtundu wa galimotoyo, choncho akutha kuyerekeza kulemera kwa thumba la mwini wake. Akuona kampando ka mwana kumbuyo, chikwama cha kuntchito, mwina chiphaso choimikira galimoto cha kampani inayake. Ngati kapepala kakuti ndibwera 4 koloko, akudziwanso kuti mwini sakhalapo mpaka nthawi imeneyo. Ndipo anthu amatchaja mwachizolowezi: malo omwewo, tsiku lomwelo la sabata, pafupi ndi kunyumba kapena kuntchito. Zinthuzi pachokhapachokha si zachinsinsi. Zikasonkhana pamodzi zimapereka munthu yense.

Amene zimawakhudza kwambiri ndi amayi. Matchaja ambiri anaikidwa kumapeto kwa malo oimika galimoto, kumene kuwala n'kochepa ndipo anthu sadutsadutsa. Uthenga wakuti bwerani mudzachotse galimoto yanu ungachokere kwa munthu wofunadi tchaja, ungachokerenso kwa munthu amene akufuna kuti mwini atuluke yekha usiku. Ndipo galimoto yamagetsi siyenda pulagi ili m'kati. Anaipanga motero dala poteteza chingwe, koma zikutanthauza kuti munthu woopsezedwa sangangoliza galimoto n'kuthawa, ayenera kutsika kaye kukazula. Mayi amene sasiya nambala yake pagalasi asatengedwe ngati wamwano.

Malamulo oteteza chinsinsi cha anthu alipo. Ku Ulaya kuli GDPR kuyambira mu May 2018, ku South Africa kuli POPIA imene inayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2021, ndipo Malawi anakhazikitsa lake mu 2024. Koma malamulowa amagwira makamaka makampani ndi mabungwe amene amasunga mbiri ya anthu. Munthu wodutsa amene wajambula kapepala kanu ndi foni yake n'kovuta kumugwira, ndipo nambala ikatuluka sibwerera.

Zimene South Korea ndi China anaphunzira kale

Mayiko awiriwa anakumana ndi vutoli galimoto zamagetsi zisanabwere, chifukwa cha kuchepa kwa malo oimika. Ku Seoul n'chizolowezi kuimika galimoto kutsogolo kwa ina n'kuitsekereza, ndipo pafupifupi galimoto iliyonse imakhala ndi kachikwangwani ka nambala ya foni kuseri kwa galasi lakutsogolo. Ena amasiya giya ili pa fulii kuti wotsekerezedwa angoikankha. Patapita nthawi anthu anazindikira kuti otsatsa malonda ankatuma anyamata kuzungulira m'malo oimika galimoto kulemba manambalawo, ndipo amayi ena ankalandira mauthenga kuchokera kwa amuna osawadziwa.

Sanasiye mwambowo, koma anaukonza. Tizikwangwani tina tili ndi kachivindikiro kobisa nambala pamene siikufunika. Kunabwera manambala obisalira oyamba ndi 050: woimba amayankhulana ndi mwini galimoto, koma nambala yeniyeni saiona, ndipo ikayamba kusokoneza amangoitaya n'kutenga ina. Makhonsolo ena amagawa timapepala ta QR, tija ta mabokosi akuda ndi oyera timene foni imawerenga ndi kamera, tolumikiza anthu awiriwo mobisa manambala. Ku China, wotsekerezedwa angaimbe 114 kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu ya apolisi a pamsewu ya 12123, n'kupereka nambala ya galimoto imene yamutsekereza. Uthenga umafika kwa mwini wake popanda wodandaulayo kudziwa kuti ndani.

Nzeru yake ndi imodzi: pakati pa anthu awiri osadziwana paikidwe mkhalapakati wonyamula uthenga. Kwa oyendetsa galimoto zamagetsi, mapulogalamu a pafoni ngati PlugShare amachita zofanana. Munthu amalemba kuti ndili patchaja yakutiyakuti mpaka nthawi yakutiyakuti, ndipo wina angamutumizire uthenga kudzera m'pulogalamumo, pa dzina limene iye anasankha.

Cholemba ndi chosalemba

Wodikira safuna kudziwa kuti ndinu ndani. Amafuna kudziwa zinthu ziwiri: adikira mpaka liti, ndipo angazule kapena ayi. Kapepala koyankha ziwirizi kakwanira ngakhale popanda nambala. Patchaja yachangu, pamene nthawi yake ndi yochepa, chabwino koposa n'kusapita patali, n'kutchera foni kuti ikuuzeni batire likafika pa 80, popeza galimoto zambiri ndi makampani a matchaja amatumiza uthenga woterewu. Nambala imafunika makamaka patchaja yapang'onopang'ono, pamene galimoto imakhala theka la tsiku. Pamenepo munthu angagwiritse ntchito nambala yachiwiri imene siinalumikizidwe ku banki, ku WhatsApp kapena ku ndalama za pafoni. Pahotela kapena kuntchito, kulemba kuti funsani pa ofesi yolandirira alendo kumakwanira, ndipo nambala ya chipinda isalembedwe. Dzina, malo antchito ndi kumene mwapita zisaoneke. Kapepalako kachotsedwe mukangozula pulagi, chifukwa kambiri kamaiwalika pagalasi n'kumayenda mzinda wonse kwa miyezi.

Wopeza nambala nayenso ali ndi udindo, ndipo mbali iyi anthu saikamba mokwanira. Nambalayo yabwerekedwa pa ntchito imodzi yokha. Uthenga waufupi wolemba, wotchula tchaja ndi pempho, ndi wabwino kuposa kuimba kangapo motsatizana. Nkhani ikatha, nambalayo ifufutidwe. Siyoyambira chibwenzi, siyotsatsira malonda, siyoika m'gulu la WhatsApp. Chimodzimodzinso chizolowezi chojambula galimoto yotsekereza n'kuiika pa Facebook nambala yake ikuonekera: mkwiyo ungakhale womveka, koma simukudziwa chimene chachedwetsa mwini wake, ndipo chithunzicho chidzakhalapobe mkwiyo utatha. Dandaulo lipite kwa eni malowo kapena kwa kampani ya tchaja. Ku Britain, malamulo a 2023 amalamula makampaniwa kukhala ndi nambala yaulere yothandiza anthu usana ndi usiku, ndipo imalembedwa patchaja pomwepo.

Tchaja nayonso imakudziwani

Pali wina amene amadziwa zambiri kuposa wodutsa aliyense, ndiye kampani ya tchaja. Wogula petulo ndi ndalama zapamanja sasiya dzina. Koma kwa zaka zambiri, kuti munthu atchaje pagulu ankayenera kutsegula akaunti pa pulogalamu ya kampani iliyonse, n'kupereka dzina, imelo, nambala ya foni ndi khadi la kubanki. Kutchaja kulikonse kumalembedwa malo, tsiku, ola ndi kutalika kwake. Zolemba za chaka chimodzi zingasonyeze kumene munthu amagona, kumene amagwira ntchito, ndi chipatala chimene amapitako kawirikawiri.

Maboma ena achepetsako vutoli. Malamulo a ku Britain a 2023 aja amafuna kuti matchaja achangu azilandira khadi la kubanki longogunditsa, popanda akaunti, ndipo lamulo la mayiko a European Union limene linayamba mu April 2024 limafuna zomwezo pa matchaja atsopano a 50 kW kupita m'tsogolo. Banki imadziwabe kumene mwalipira, koma kampani ya tchaja imatsala ndi zochepa.

Pa matchaja apang'onopang'ono, ambiri amalipiritsabe kudzera pa QR, ndipo akuba anaona mpata. M'chaka cha 2024, ku Germany ndi m'mayiko ena a ku Ulaya kunapezeka timapepala ta QR tabodza tomatidwa pamwamba pa tenitenito, totengera munthu ku tsamba la pa intaneti looneka ngati la kampani, kumene amasiya nambala za khadi lake m'manja mwa mbava. QR yoonekera pa sikirini ya makina ndi yodalirika kuposa yomata. Ikakhala yomata, yendetsani chala m'mphepete mwake muone ngati pansi pake pali ina, ndipo werengani dzina la tsamba limene latseguka musanalembe chilichonse. Chenjezo lomweli likhudzanso QR ya pagalasi la galimoto ya mnzanu: ikakupemphani ndalama kapena nambala yachinsinsi musanatumize uthenga, tsekani, muimbire nambala ya kampani imene ili patchaja.